Matenda Anga Akali pa Siteji Yoyamba

Abale ndi alongo, ndili ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo madokotala akuti ikali pa siteji yoyamba. Liwu lakuti siteji linatsala pang'ono kundipha.

Mumandidziwa. Ndimagulitsa chimanga chootcha pa siteji ya mabasi ku Chinyunyu. Kutchalitchi kuno ndinaleka kubwera amuna anga atamwalira. Ndinkati Mulungu ali ndi anthu ake, ine sandiona.

Chaka chatha, nditasiya kale kusamba, magazi anayambanso. Kuchipatala cha mishoni anandidula kanyama kochepa ngati njere ya mpunga n'kukatumiza ku Lusaka. Zotsatira zitabwera, womasulira mawu a dokotala anandiuza kuti matenda anga ali pa siteji, ndipite msanga kuchipatala chachikulu.

Ine ndinamva kuti ndinawatengera pa siteji ya mabasi. Wondilodza ndinamudziwanso: amake Joyisi, amene timalimbirana nawo mthunzi, amene m'mawa uliwonse amawaza madzi pamalo pathu. Ndinasamutsira mbaula yanga kutsidya kwa msewu n'kumadikira kuti magazi aleke. Ku Lusaka sindinapite.

Magazi sanaleke. Tsiku lina ba Sisita a kuchipatala chija anatsika minibasi n'kundipeza. Nditawafotokozera, sanaseke. Anatola khala n'kujambula msewu pakatoni.

“Amayi, matendawa ali ngati basi ya pamsewu. Siteji yoyamba, ali pakhomo pokha. Yachiwiri, atulukira m'mbali. Akafika m'chiuno kapena kuchikhodzodzo, mpeni sungawathe.”

Anati pamenepo pamafunika makina owotcha chotupa, ndipo amene ali muno m'Zambia anawonongeka. Ndinafunsa kuti basi imeneyi imaima nthawi yaitali bwanji pa siteji iliyonse. Anati palibe akudziwa. M'mawa mwake ndinanyamuka.

Ku Lusaka ndinafunsa mafunso mpaka dokotala anandilola kusuzumira m'makina okuza zinthu. Anandionetsa nyama yabwino: tizidutswa take tandandalika ngati njerwa za khoma. Kenako yanga: taunjikana, tili ndi maso aakulu akuda. Anati khansayi ili ndi mitundu iwiri ikuluikulu. Wina umayambira pakhungu la kunja kwa khomo. Wina umayambira m'kati, motuluka chinyezi, ndipo umabisala. Wanga ndi wakunja. Anayeza kukula kwa chotupa, anapapasa m'mbali, nati basi sinanyamuke.

Ndinakhala pabenchi n'kumaganiza za njerwa zija. Ndani anaziyala? Zinali m'thupi mwanga moyo wanga wonse, ine osazidziwa. Amene anayala zimene diso siliona, angalephere kuona mayi wathunthu pambali pa msewu? Pomwepo ndinapemphera, ndipo Yesu anandilandira.

Nditabwerako ndinakagwada kwa amake Joyisi n'kuulula kuti ndinkati anandilodza ndi madzi aja. Anandiyang'ana, nati: “Amake Beni, madzi aja ndi opha fumbi. Mumafuna makasitomala adye chimanga cha dothi?” Tinaseka mpaka misozi.

Ambuye alemekezeke, anaimitsa basi pamene ine ndinali kutsidya kwa msewu. Amayi anzanga, mukaona magazi osayembekezera, pitani akakupimeni. Liwu limene simunalimvetse, funsani. Ndipo amene mukuti Mulungu sakuonani, bwerani kwa Iye lero.

Lolemba ndibwerera ku Lusaka. Adzachotsa chiberekero chonse n'kuchipimanso, kuti aone ngati matenda sanadutse malire. Wokandidikirira ndi amake Joyisi.