Nsidze za Taqialuk

Pabwalo la ndege ku Iqaluit, tauni ya kumpoto kozizira kwambiri, amayi awiri osadziwana ankadikira kandege kobwerera kumidzi.

"Mnyamata wakhala pazenerayo ndi wanu, mayi? Akudwala?"

"Ndi Taqialuk, wachisamba wanga. Chimwalirireni mnzake, sadya. Adokotala ochokera kummwera am'funsa ngati amaganiza zodzipha."

"Wati chiyani?"

"Wangokweza nsidze."

"Mayo! Ndiye kuti wavomeratu!"

"Ife akuno timadziwa zimenezo, iwo ayi. Alemba kuti sanayankhe, atibweza."

"Inu osawauza?"

"Mantha, mayi."

"Mukafika, amalume ake akamutenge kosaka nyama kumadzi oundana. Kumeneko anyamata amamasuka. Koma mfuti m'nyumba zilimo?"

"Zitatu. Ndipo makiyi a bokosi la mfutizo amasunga ndi Taqialuk yemweyo."