Ananditcha Mfiti Chifukwa cha Matenda a Amuna Anga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine mayi wa ku Chilobwe, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za matenda amene analowa m'nyumba mwanga, nkutsala pang'ono kunditulutsamo ine.

Amuna anga, a Bwanali, anali telala pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Zinayamba ndi chala chachikulu chakumanja, chinkanjenjemera chokha iwo atakhala phee. Kenako linagwidwa dzanja lonse. Kulowetsa ulusi pasingano kunawakanika, makasitomala nkumanong'onezana kuti bamboyu wayamba kachasu, chonsecho mowa sanaulawepo. Patapita miyezi nkhope yawo inauma. Munthu amene ankaseka mpaka misozi ankangondiyang'ana osaphethira. Poyenda ankakwekwesa mapazi, mwina nkungoima pakhomo ngati wina wawagwira miyendo.

Abale awo anabwera kuchokera kumudzi. Alamu anga, achemwali awo aakulu, sanabise mawu. "Achimwene mwawalodza ndinu. Mukufuna nyumbayi." Anakaombeza, nkubwerako ndi dzina langa. Pampopi amayi anzanga ankasiya macheza ndikafika. Ana ankagenda malata athu masanasana, akuluakulu akungoonerera. Kenako ndinamva kuti Loweruka abalewo abwera gulu kudzatenga wodwala wawo, ine nkundithamangitsa. Zimene zimamuonekera munthu wotchulidwa ufiti ndinkazidziwa, ndipo chakudya chinasiya kulowa.

Lachitatu ndinagwada kuchipinda nkunena kuti, "Ambuye, mukapanda kundilankhulira Inu, ndatha." Kutacha ndinawakweza minibasi kupita nawo kuchipatala, ngakhale tinali titapitako kale nkubwerako ndi mapiritsi opha ululu basi.

Tsikulo kunali dokotala wina wamayi amene amachita kafukufuku wa matenda a ubongo. Anaona mayendedwe a amuna anga pakhonde, nkutiitana. Atawayeza anati awa ndi matenda otchedwa Parkinson. Anatifotokozera kuti mu ubongo muli tizigawo tothandiza munthu kuyenda ndi kugwira zinthu, ndipo tawo tikufa pang'onopang'ono. Iwo ndi anzawo akufufuza ngati asilikali a m'thupi oteteza ubongo, akalusa nkuyambitsa kutupa kosatha, ndiwo amawonjezera kuwononga tizigawoto.

"Mankhwala ochiziratu sanapezeke, mayi," anatero. "Koma ochepetsa kunjenjemera alipo."

Anapempha magazi pang'ono a kafukufukuyo, nkutsimikiza kuti tikakana chithandizo tilandirabe. Ine ndinafuna kukana, poti mphekesera za magazi kwathu kuno mukuzidziwa. Koma amuna anga anavomera okha. Ine misozi inangotuluka, ndipo ndinawauza dokotalawo za Loweruka. Anandiyankha kuti, "Mubwere nawo alamu anuwo mawa."

Alamu anabwera atakwinya nkhope. Pabenchi anapeza odwala ena akunjenjemera chimodzimodzi: agogo ena a ku Chigumula, bambo wa taye wa ku Naperi, ndi abusa opuma pantchito. Alamuwo anawayang'ana mmodzimmodzi. Dokotala atatha kufotokoza, amuna anga anatukula mutu movutikira, nkulankhula ndi mawu awo otsika aja. "Achemwali, mkazi uyu ndiye amandimanga mabatani, ndiye amandidyetsa. Musiyeni."

Loweruka linafika. Ndinakhala pakhomo tsiku lonse ndikumvetsera mapazi a anthu mumsewu. Sipanabwere munthu.

Sindikunamizani, abale, matenda sanachoke. Dokotala anatichenjeza kuti azikula, ndipo masiku ena mankhwala akamatha mphamvu ndimaona matendawo akubwerera pankhope pawo. Alamu sanapepese mpaka lero, ndipo alipo anansi amene amandilambalalabe. Koma a Bwanali tsopano amayenda okha kupita kutchalitchi, ndipo amene akuwasamala ndine, m'nyumba mwathu momwemuno. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha zimenezi, ndiponso chifukwa cha anthu amene akufufuzabe gwero la matendawa.

Inu amene muli ndi wodwala wotere, ndipo anthu ayamba kukunong'onani, musafooke. Gwadani mupemphere, kenako dzukani mupite naye kuchipatala. Amene anandiyankha ine pakamwa pa munthu wovutika kulankhula, adzakuyankhani inunso. Ameni.