Tsiku Limene Alamu Anadzabwereka Nkhope Yanga

Moni nonse abale ndi alongo amene mumawerenga tsamba lino, kuphatikizapo inu amene mumangowerenga osasiyapo ndemanga, Ambuye akukuonani. Amene akukulemberaniyu ndi katswiri wa zisudzo woposa onse amene boma la Neno linabalapo chikhazikitsire mapiri ake. Nkhope yanga yaonekapo pa kanema kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndipo palibe msika m'dziko muno umene ndingalowe osadziwika. Vuto ndi loti akandidziwa, amayi amayamba kusendeza madengu awo. Umboni wanga lero ndi wa kusalidwa, ndi mmene Mulungu anandibwezera kwa ana a achimwene anga.

Ndinasiya koleji ndili chaka chachiwiri. Ndimauza anthu kuti luso linandiitana, koma aphunzitsi a masamu nawonso anathandizirapo. Ndinalowa gulu la zisudzo ku Blantyre, ndipo tinkayendayenda m'maholo a sukulu za sekondale, makatani athu tili nawo pamutu. Ndinasewera zonse, wapolisi, m'busa, mtembo, ulendo wina mpaka mtengo wa mango. Kenako kunabwera anthu a kanema kudzafuna munthu wa nkhope youma, wosaseka. Anzanga onse anatembenuka n'kuyang'ana ine.

Umo ndi mmene ndinakhalira Nyundo. Kwa inu amene simunaonere, Nyundo anali mwamuna amene mkulu wake atamwalira anapita kukalanda katundu yense wa mkazi wamasiye, mpaka kukwera padenga kukazula malata ana ali m'nyumba momwemo. Ndinasewera ndi mtima wanga wonse. Mabungwe amene ankalipirira sewerolo atasiya kupereka thandizo sewero lija linatha, ndipo palibe amene anandiitananso. Wotsogolera masewero wina anandiuza mosabisa kuti akandipatsa gawo la dokotala, anthu aziganiza kuti ndabwera kudzatenga bedi la wodwala.

Ndinabwerera kwathu ku Dambe, m'nyumba imene anasiya malemu amayi. Musaganize kuti anthu akwathu ndi ogona. Amadziwa bwino kuti sewero ndi sewero, pa golosale ya pamsika pali kanema wa sola ndipo ngakhale ana amadziwa kuti magazi aja ndi tomato. Koma ali ndi mfundo yawo, ndipo ndinaimva kwa mayi wina wogulitsa mbatatesi akuuza mnzake ine ndili chiimire pomwepo.

"Munthu sangachite bwino choncho chinthu chimene mulibe mumtima mwake."

Moyo wanga wonse sindinalandirepo chiyamikiro chachikulu ngati chimenecho, ndipo ndinabwerera kunyumba osagula kanthu.

Kutchalitchi benchi yanga inali yanga ndekha, ngati ya mlendo wolemekezeka amene aiwala kumulonjera. Pa moni wa mtendere anthu ankandigwira nsonga za zala. Ndikafika pa maliro, wina ankanyamuka mwakachetechete kukatseka chitseko cha kuchipinda. Palibe amene ananditukwanapo, ndipo mwina kutukwana kukanakhala bwino, chifukwa wotukwana amakhala wakuyankhulitsa. Ndinkalima ndekha, kuphika ndekha, kudya nditayang'ana khoma. Mawu anga, amene ankamveka mpaka kumbuyo kwa holo popanda chokuzira mawu, ndinkawagwiritsa ntchito pothamangitsa nkhuku za eni.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sankandiopa, achimwene anga a Fedisoni. Tinatsala awiri m'mimba mwa amayi. Iwo anakwatira kutsidya kwa dambo ndipo ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Lamulungu masana ankabwera ndi ana awo, Tadala ndi mlongo wake Yamikani, n'kuima pakhomo kukuwa kuti, "Iwe Nyundo, tabwera udzazule malata akwathu, akudontha." Anawo ankakwera pamsana panga. Sabata yonse ndinkakhalira masana amenewo.

Chaka chatha nyengo yozizira achimwene anadwala masiku ochepa, n'kutisiya.

Nditafika pa maliro ndinapeza m'nyumba muli mbee. Mipando, wailesi, njinga yamoto, zonse anali atazisamutsira kwa anansi uthenga usanandipeze. Anandipatsa bambo wina woti azikhala pafupi nane, ndipo poyamba ndinkayesa kuti ndi wondipepesa, mpaka pamene anandiperekeza kuchimbudzi n'kundidikira panja. Alamu anga, mayi a Tadala, sanandiyang'ane. Zonsezo ndikanapirira. Koma Yamikani atandiona anathamanga kubwera kwa ine manja ali m'mwamba, ndipo azakhali ena anamugwira malaya kumbuyo n'kumubweza. Mwana anayang'ana iwo, n'kuyang'ana ine, osamvetsa. Ndalirapo kambiri pa siteji, ndipo ndimadziwa mmene amapangira misozi. Tsiku limenelo ndinalira osadziwa kuti nkhope yanga ikuoneka bwanji.

Miyezi inadutsa. Ndikapita kutsidya ndi manachesi, ankandilandirira panja n'kundiuza kuti ana apita kumadzi, ngakhale nsapato zawo zili pakhonde. Lamulungu masana ndinkakhala pakhomo kumvetsera njinga zamoto zikudutsa kumsewu, iliyonse ndinkati mwina ikhota. Ndinapemphera pemphero limodzi lokhalokha: Ambuye, ndichotsereni nkhope iyi. Ndinayesanso kumuthandiza Mulungu. Ndinameta ndevu, ndinaphunzira kumwetulira pa kalilole, koma nditakayesa pamsika mwana wina anagwetsa chitumbuwa n'kuthawa. Ndinayamba kuganiza zowolokera ku Mozambique, kumene sewero lathu silinafikeko, ndikakhale munthu wosadziwika wolima m'minda ya eni. Chimene chinkandigwira ndi choti ndikapita, ana a achimwene adzakula akudziwa kuti bambo awo aang'ono anali Nyundo basi.

M'mawa wina ndikupalira mbatatesi ndinaona munthu ataima m'malire a munda. Anali alamu. Anandilonjera maso ali pansi, ndipo ndinawayankha ndi mawu amene anali atachita dzimbiri. Anandifotokozera kuti msuweni wathu wina, a Bizaliele, amene ali ndi sitolo ku Zalewa, watumiza uthenga kuti abwera Loweruka kudzatenga njinga yamoto, akuti chuma cha kwawo chibwerere kwawo. Njingayo ndi imene inkadyetsa anawo ndi kuwasunga pa sukulu, chifukwa alamu anapeza munthu woiyendetsa. Abale awo a alamu ankawaopa a Bizaliele, munthu wa galimoto, woyankhula ngati wailesi.

"Ndiye ndabwera kudzabwereka ujeni uja," anatero alamu.

"Uti?"

"Wa pa kanema uja."

"Alamu, munthu ameneyo kulibe. Anachita kumulemba papepala."

Anandiyang'ana koyamba chimwalirire achimwene. "Alipo. Ndikumuona pompano, wagwira khasu."

Atapita ndinaika khasu pansi n'kukhala pamzere. Abale, mvetsani chimene ankandipempha. Ndikakaima pamaso pa mudzi wonse monga Nyundo, pa nyumba ya mkazi wamasiye weniweni, ndiye kuti zonse zimene anthu ankanong'onezana ndazisainira ndekha. Tadala ndi Yamikani adzaona ndi maso awo. Ndinafunsa Ambuye ngati limenelo linalidi yankho lawo, popeza ine ndinapempha kuti nkhope ichoke, osati ipatsidwe ganyu. Sindinamve mawu kuchokera kumwamba. Ndinangoona kuti njinga ikapita anawo asiya sukulu, kaya andikonde kaya asandikonde.

Loweruka ndinatulutsa jekete yakuda ya Nyundo pansi pa chikwama. Nyundo sankayankhula popanda kamtengo ka machesi pakamwa, ndipo ine machesi anali atandithera, choncho ndinadzera pa golosale. Wogulitsa atandiona ndi jekete ija anandipatsa bokosi atatambasula mkono wonse.

Ndinapeza anthu atadzaza pabwalo. A Bizaliele anali pampando, miyendo atapingasa, makiyi a njinga akuwazunguza pachala, akufotokoza za mwambo wa makolo umene ndikukhulupirira kuti anaupeka ali m'galimoto. Sindinalonjere munthu. Ndinazungulira nyumba pang'onopang'ono, maso ali padenga, n'kugogoda lata limodzi ndi chala. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo. Kenako ndinakhala moyang'anizana ndi a Bizaliele n'kungotafuna kamtengo kaja. Pa siteji tinaphunzira kuti chete woyenera amaopsa kuposa kukuwa, ndipo ndinamusiya chete uja agwire ntchito mpaka makiyi anasiya kuzungulira.

"A Bizaliele, malemuwa ndi ndani wanu?"

"Asuweni anga, monga mukudziwa."

"Ine ndi iwo tinayamwa bere limodzi. Ndiye mukunyamula katundu pakhomo pano osandiuza?"

"Ayi achimwene, ife timangofuna tikasunge, eti, pano pakhoza kuonongeka."

Ndinatambasula dzanja, osawayang'ana. "Kodi sikelo ija ili m'sitolo mwanu ku Zalewa, si ija munabwereka kwa malemu bambo athu? Ndakhala ndikuganiza zobwera kumeneko. Ndikadzabwera ndidzaone ndi zina."

Za sikelozo ndi zoona, sindinaname pamaso pa Mulungu. Makiyi anagwera m'dzanja langa. A Bizaliele anakumbukira kuti asiya sitolo ndi munthu wosadalirika, ndipo galimoto inanyamuka asanatseke bwino chitseko.

Palibe amene anaseka. Anthu ankayang'ana dzanja langa, ndipo kumbuyo ndinamva wina akunong'ona kuti, "Tinkanena ife." Tadala anali ataima pakhomo, atagwira Yamikani paphewa, onse awiri akundiyang'ana ngati mmene anthu amayang'anira galu wachilendo. Pa masewero onse amene ndinachita sindinaopepo anthu oonera ngati awiri amenewo. Ndinalavula kamtengo kaja, ndinavula jekete, ndinapita pamene anakhala alamu n'kugwada, ndi kuika makiyi m'manja mwawo ndi manja awiri. Ndinkafuna kunena mawu akuluakulu oti anthu adzawakumbukire, koma chimene chinatuluka ndi chakuti, "Alamu, tayala la kumbuyolo latha, musinthe."

Alamu anamanga makiyi pansonga ya chitenje. Kenako anatembenuka.

"Tadala, tengera bambo ako aang'ono madzi asambe m'manja. Yamikani, kawatengere mpando, ukuwaona agwada pafumbi."

Yamikani sanapite kukatenga mpando. Anabwera n'kukhala pamwendo panga, n'kundifunsa ngati ndingathe kupanganso nkhope ija kusukulu kwawo, chifukwa kuli mnyamata wina amene amamulanda chimanga chokazinga.

Sindikunamizani kuti mudzi wonse unatembenuka tsiku lomwelo. Alipo amene akuti ndikudikira kuti alamu asinthe kaye tayala lija. Anthu a kanema sanandiimbirebe foni, ndipo masiku ambiri ndimadyabe ndekha. Koma anawo tsopano amawoloka dambo okha kubwera kwathu, Tadala amabwera ndi mabuku ake a Chichewa kuti ndizimuwerengera mokweza, masamu amakafunsa kwina. Ndikuthokoza Mulungu amene sanandipatse chimene ndinapempha, ndikuthokozanso alamu anga amene anayenda ulendo umene unali wovuta kwa iwo kuposa mmene unalili kwa ine.

Inu amene mukukhala nokha chifukwa cha dzina limene anthu anakupatsani, musafulumire kuwoloka malire. Pitirizani kupemphera, pitirizani kupalira munda wanu, chifukwa wodzakufunani ayenera kukupezani pamalo. Ndipo musaope kuti chipulumutso cha Ambuye chidzakudyerani zambiri. Changa chinanditengera bokosi limodzi la machesi, K150, ndipo mitengo yotsalayo ndikuyatsirabe moto.