Zimene Mlendo wa ku Kenya Ananena Kwenikweni

Olemekezeka a shefe a posto yathu ya Ntengo-Wambalame. Olemekezeka mafumu, eni nthaka imene taimapoyi. Olemekezeka abusa ndi akatekisita. Olemekezeka a diretora a shikola ino, amene mwatibwereka chipinda Loweruka lililonse. Olemekezeka mayi Doroteia, mtsogoleri wa gulu la alimi a mbatatesi. Pulofesola Felicidade, amene mwalimba mtima kuphunzitsa anthu okubalani. Ndi inu nonse ophunzira, amayi ndi abambo. Mndandandawu ndauwerenga kanayi kunyumba, ndipo panjira ndinaimitsa njinga yamoto kuti ndiuonenso. Ngati alipo amene ndamudumpha, aimike dzanja pompano, chifukwa ndikazindikira mawa sindidya sabata yonse.

Palibe? Ambuye alemekezeke.

Kwa amene simundidziwa, ndine Gilberto, tekiniko wa zaulimi, ndipo ndayenda m'minda yanu zaka khumi ndi ziwiri. Ndikuthokoza gulu la alimi chifukwa cha nzeru yoyambitsa maphunziro a Chingelezi cholankhula. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa: mwezi wa Agosto kukubwera alendo ochokera ku Kenya kudzaona matenda amene akuwaula masamba a mbatatesi zathu. Mayi Doroteia anandiuza kuti, “A tekiniko, ulendo uno tikufuna kudzifunsira tokha.” Ine ndinaomba m'manja.

Kalata yondiitana inati mwandisankha chifukwa ndine mwini Chingelezi m'dera lino. Mawu amenewo ndi amene andivutitsa. Pakatha miyezi itatu inu mudzakhala mukumva nokha, ndiye kuli bwino ndiulule lero ndisanagwidwe.

Ambiri mukukumbuka chaka chimene kunabwera mayi wina wa ku Kenya, katswiri wa mbewu, ndipo womasulira ndinali ine. Ndinakonzeka masabata atatu. Ndinalemba ziganizo kwarenta, makumi anayi athunthu, pa timapepala, ndi manambala ake, nkuziloweza monga katekisimu. Ku koleji Chingelezi cholemba ndinkakhoza bwino, ndiye ndinati nkhani yatha.

Galimoto itafika, moni ndinapereka wosalala, mpaka mafumu anayang'anana. Ndinawafunsa za ulendo, za kwawo, za mvula. Vuto linayamba pamene iwo anayankha. M'buku, munthu akafunsidwa amayankha mzere umodzi nkudikira. Mayi aja buku limenelo sanaliwerenge. Anayamba kuthamanga ngati madzi a m'phiri mwezi wa Janeiro, ine ndikusanthula timapepala m'thumba kufuna nambala yogwirizana ndi zimene akunena. Panalibe.

Tsono kwathu kuno tili ndi ulemu wathu. Mlendo akamalankhula sitimudula, sitimuuza kuti sitinamve, timagwedeza mutu nkumavomera kuti asachite manyazi. Ine ndinatenga ulemu umenewo nkuuveka Chingelezi. Yesi. Yesi, madamu. Yesi.

Tinalowa m'nyumba ya mayi Doroteia mmene ankasungamo mbewu: mumdima, m'matumba omanga kukamwa, monga tonse tinkachitira. Mlendo anatenga mbatatesi imodzi, analoza denga, analoza zenera, anatambasula manja, analankhula nthawi yoti munthu nkupalira mzere wonse. Atatha, maso onse anali pa ine. Ndinakonza kolala nkunena kuti, “Akuti mbewu yanu ndi yabwino kwambiri.”

Bambo Manuel, amene akhala apowo, anafunsa kuti, “Mawu onse aja, a tekiniko?”

Ndinati, “Chingelezi nchachitali, bambo.”

Iwo anati, “Nanga zenera lalakwa chiyani?”

Ndinati, “Akuti nalonso ndi labwino.”

Sekani ndithu, a Manuel, ndinu nokha amene munandikayikira. Koma mundisiyire mpata, chifukwa chotsatiracho sichoseketsa kwenikweni.

Patapita miyezi inayi, lipoti la mayi aja linafika ku ofesi. Ndinakhala nalo pansi ndi dikishonale, liwu ndi liwu, monga ndimachitira ndi chilichonse. Zimene ananena tsiku lija ndi izi: mbewu ya mbatatesi isasungidwe mumdima, iyalidwe pa thandala, pamalo olowa mphepo ndi kuwala koma osati padzuwa, kuti iphuke timaso tatifupi ndi tolimba. Pamene ndinkawerenga zimenezi nkuti mbewu ya mayi Doroteia itatulutsa kale mphukira zazitali, zoyera, zothyoka ukangozikhudza. Chaka chimenecho munda wawo unamera mwa apo ndi apo.

Chaka chotsatira ndinayenda mudzi ndi mudzi, mpaka ku Chidzolomondo anandiitana, kuphunzitsa za mathandala. Munanditamanda. Ena munandipatsa nkhuku. Olemekezeka nonse, nzeru ija sinali yanga. Inali ya mlendo, ndipo ndinaifikitsa kwa eni ake itachedwa chaka chathunthu. Nkhuku zija, mwatsoka, ndinadya.

Mayi Doroteia, ndakhala ndikudutsa pakhomo panu zaka zonsezi, mukundipatsa mpando ndi madzi. Pepani. Mbewu yanu sinaonongeke chifukwa chakuti Chingelezi nchovuta. Inaonongeka chifukwa munthu wa dipuloma anaopa kuoneka mbuli pamaso pa mafumu.

Mwati chiyani, mayi? Akuti ankadziwa. Akuti thukuta lija linali lambiri kuposa dzuwa la tsikulo. Chabwino. Ndiye kuti zaka zonsezi ndadwala mutu ndekha.

Tsono pulofesola Felicidade, ndaona ndondomeko yanu, ndipo ndi yabwino: moni, kutchula dzina, kufunsa njira, mayina a mbewu. Ndili ndi pempho limodzi. Musanawaphunzitse moni, aphunzitseni kunena kuti: sindinamve, bwerezani, lankhulani pang'onopang'ono. Azinene mokweza, mopanda kuyang'ana pansi, mpaka pakamwa pazolowere. Ndipo inu nokha muziwathamangitsira dala mawu, kuti tione woyamba kukudulani. Ameneyo ndiye wakhoza.

Inu ophunzira, musaope kuphotchola. Mlendo wabwera kuchokera kutali kudzakuuzani chinthu. Mukamupempha kuti abwereze, mwamulemekeza kuposa kumugwedezera mutu. Malirime athu anyamula kale Chichewa cha makolo ndi Chipwitikizi cha ku shikola, ndipo sanathyoke. Lachitatuli nalo likwana. Abambo, mukaposedwa ndi akazi anu m'kalasi, nkhaniyo ithere pakhomo la shikola.

Ine pepala ndimalimva, koma munthu wamoyo sindimumva. Choncho, pulofesola, mayina a ophunzira ndawawerenga, alipo vinte e sete, makumi awiri kudza asanu ndi awiri. Lembani lotsatira, la vinte e oito: Gilberto, woyamba kumene. Mundiike kutsogolo, pafupi ndi bambo Manuel, kuti akaona mutu wanga wayamba kugwedera andigunde ndi chigongono. Alendo akadzafika mu Agosto, ndikufuna woyamba kunena kuti “sindinamve” adzakhale ine, mafumu onse akuona.

Ndi mawu amenewa, ndi chilolezo cha a shefe a posto ndi mafumu, komanso, ngati avomera, cha mayi Doroteia... Avomera. Ndikulengeza kuti maphunziro a Chingelezi a gulu la alimi a mbatatesi a ku Ntengo-Wambalame atsegulidwa kuyambira lero lino.

Wina andibwereke cholembera. Zikomo kwambiri.