Ndani Wachotsa Woimba Ng'oma mu Tivi?

A Lumo, ometa tsitsi pakhomo loyandikana, analowa m'kashopu ka a Waya okonza mawailesi kudzatenga tivi yawo yachikale, ya chimimba kumbuyo ija, pamodzi ndi kabokosi ka gemu ka paubwana wawo. Kunyumba anali atadziguguda pachifuwa kuti nyimbo za magemu akale n'zokoma kuposa za masiku ano, ndipo akazi awo anagamula kuti madzulo ana amve okha: zikapanda kuwakomera, tivi ndi kabokosi komwe zipita kudzala, poti pabalaza pafunika malo.

"Amisiri, wodwala wanga ali bwanji?"

"Wachira," anatero a Waya, maso ali pa foni imene ankawotcherera. A Waya ndi munthu woti mukawauza kuti akuyang'anireni mkaka pamoto, amauyang'anadi mpaka usefukire wonse.

"Chithunzi chikubwera?"

"Chikubwera. Sichikugudubuzikanso."

"Eya, ntchito ndi imeneyo! Tayatsani timve. Iii, dikirani kaye! Kaseti ya gemuyo mwaiuzira?"

"Ndaipukuta ndi mankhwala ake."

"Sindikufunsa za mankhwala. Mwaiuzira mpweya?"

"Malovu amachititsa dzimbiri, aneba."

A Lumo anatsomphola kasetiyo, n'kuiuzira fuu! fuu! masaya atafufuma, kenako anailowetsa m'kabokosi ndi ulemu wonse. Anatsinzina, dzanja lili pamtima. A Waya anadina batani.

Pi-pi-piri-pii. Pi-pi-piri-pii.

A Lumo anatsegula diso limodzi. "Chimenechi n'chiyani?"

"Nyimbo."

"Ya ndani?"

"Ya m'kaseti yanu."

"Aa, ayi. Amenewa ndi anapiye. Mwasunga anapiye muno?"

A Waya anasuzumira pansi pa tebulo. "Mulibe."

"Amisiri, musandiseweretse, lero si tsiku lake. Bezi, mawu aakulu ogunda pansi aja, ali kuti? Chogwedeza chija chili kuti? Nanga ng'oma? Mwachotsa woimba ng'oma!"

"Sindinapezemo munthu."

"Ndikudziwa kuti simunapezemo munthu!"

"Nanga mukundifunsiranji?"

A Lumo anapumira m'mwamba, n'kukhala pa wailesi ya munthu wina. A Waya anawadzutsa, n'kuwapatsa mpando, kenako anatsegula kabati ndi kutulutsa kambale ka pulasitiki.

"Chilichonse chimene ndachotsa m'katundu wa munthu ndimasunga," anatero. "Mawa asadzati ndaba. Izi ndiye za mu tivi yanu. Chitsekerero cha botolo. Batani la shati. Phini ya m'tsitsi. Mphemvu youma."

"Ndiye zandikhudza bwanji zimenezi?"

"Mwati ndachotsa woimba. Sankhanipo."

"Ine ndikukamba za luso, inu mukundionetsa mphemvu! Tamverani, nyimbo yeniyeni imayenda chonchi." A Lumo anaimirira, natambasula manja. "Du-du-brrr, tseke-tseke, pha! Du-du-brrr, tseke-tseke, pha! Ukamva imeneyo tsitsi limaima lokha, ndipo za tsitsi musanditsutse, ndi ntchito yanga."

A Waya anamvetsera mutu uli chopendekera. "Tabwerezani poyamba paja."

"Du-du-brrr."

"Brrr ameneyo ndi sipika. Inali yong'ambika. Ndaikamo yatsopano."

"Ndani anakutumani?"

"Munati ndikonze."

"Ndinati mukonze chithunzi!"

"Munati, 'Amisiri, ikonzeni iwale ngati yatsopano.' Ndinamva ndi makutu angawa."

"Ndi kayankhulidwe chabe kameneko!"

"Ndiye ndayankhulanso chabe ndi sikuludiraiva. Tseke-tseke uja ndi ichi." A Waya ananyamula chitsekerero chija. "Chinagona pamwamba pa sipika. Sipika ikanjenjemera, nacho chimavina."

"Bodza lenileni. Anthu amene anapeka nyimboyi anali akatswiri. Anali ndi timakina tosauka, totulutsa timawu tochepa, koma ankafinya mpaka mafuta atuluke. Osati ana a lerowa. Amasonkhanitsa oimba malipenga ndi magitala kudzaza holo yonse, nyimbo n'kumangoti wuuu, wuuu, yopanda mutu ndi mchira. Ukatuluka panja wayiwala kale. Yakale unkaimba muluzu posamba."

"Taimbani muluzuwo."

A Lumo anasongola milomo. Pi-pi-piri-pii.

"Ndi imene ikulira mu tivimu," anatero a Waya.

"Muluzu ulibe bezi, inu! Chabwino. Nanga pha? Pha mumutenga kuti? M'kambale mwanumo muli pha?"

A Waya anaunguza m'kambalemo ndi chala. Anatembenuza mphemvu ija chagada. Kenako anazungulira tivi, naloza kumbali kwake kumene utoto unafufutika, pamalo aakulu ngati chikhatho.

"Apa ankamenyapo ndani?"

A Lumo anayang'ana pofufutikapo. "Achimwene. Chithunzi chikayamba kugudubuzika, iwo pha! Chimaima. Tikangosewera pang'ono chayambanso, iwo pha!"

"Woimba ng'oma wanu ndi ameneyo. Kawaitaneni."

"Anatisiya kalekale, amisiri." Mawu a a Lumo anatsika. "Ine ndinkagwira mabatani, iwo ankagwira tivi. Sankasewera n'komwe, ankangoti 'lumpha, mfana, lumpha!' N'chifukwa chake mtima ukundipweteka. Ana anga akaiseka tivi imeneyi madzulo ano, mayi awo akaituta, ndiye kuti palibenso chotsala cha masiku aja."

A Waya anavula chipewa. "Pepani, aneba. Sindinadziwe." Anachigwira pachifuwa kanthawi, n'kuchivalanso. "Koma ndiye kuti ng'omayo sindingaibwezeretse."

"Ndimenya ndine!"

"Muimenyeranji? Chithunzi chili bwinobwino."

"Chigudubuzeninso!"

"Pepani?"

"Bwezerani zonse mmene zinalili! Sipika yong'ambika, chitsekerero, chithunzi chogudubuzika, zonse!"

A Waya anatuluka panja, nayang'ana chikwangwani cha pamwamba pa chitseko, n'kubwerera. "Palembedwa kuti 'Timakonza.'"

"Ndiye konzani zimene mwawononga!"

"Sindinawononge. Ndakonza."

"Kukonza kwanuko ndiye kuwononga!"

"Ndiye mukufuna ndiwononge kuti ndikonze."

"Ehe! Tsopano mwayamba kumva."

"Ayi, sindinamve. Ndangobwereza."

A Lumo anagwira mutu ndi manja awiri. "Amisiri inu, ine munthu akabwera n'kuti ndimumete mpala, ndimameta mpala, ngakhale mutu wake uli ndi mapiri ndi zigwa. Sindimufunsa kuti bwanji. Mutu ndi wake!"

"Koma akati mubwezeretse tsitsi?"

"Zimenezo n'zina!"

"N'zomwezo. Inunso mumalisesera m'bini."

"Sipika yanga ili m'bini?"

"Sinakwane m'kambale."

A Lumo sanadikire. Anagwada pansi, malaya oyera a ntchito akusesa pansi, n'kuyamba kufukula m'bini: mawaya, mabatire otupa, makoko a nthochi. Mayi wina amene ankadutsa ndi mwana wofuna kumetedwa anasuzumira, naona wometa ali m'bini mpaka m'mapewa, n'kukokera mwana wake kutsogolo.

"Kasitomala wanu wapita," anatero a Waya.

"Apite, tsitsi limera lina. Nayi!" A Lumo anatulutsa sipika yafumbi, yong'ambika pakati, naipukuta ndi mkono wa malaya. "Ikanimo."

"Ndikaikamo, musauze anthu kuti ndakonza ndine."

"Sindiuza munthu."

"Komanso musauze anthu kuti ndawononga ndine."

"Nanga ndiziti chiyani?"

"Muziti simundidziwa."

A Waya anamasula chivindikiro cha kumbuyo, n'kuika zomangira zake m'ndandanda patebulo. Ananyamula kambale kaja. "Chitsekerero?"

"Chilowe."

"Batani la shati?"

"Mwina ndilo linkathandizira tseke-tseke. Lilowe."

"Phini?"

"Ilowe."

"Mphemvu?"

A Lumo anaganiza mozama. "Inali mbali iti?"

"Kumanzere, pansi pa waya wofiira."

"Ibwerere pamalo pake. Gulu ndi gulu, sitichotsa munthu chifukwa sitikudziwa ntchito yake."

"Chagada kapena chafufumimba?"

"Amisiri!"

"Ndikufunsa kuti mawa musadzati bezi wasintha."

"Mmene munaipezera! Ndipo fulumirani, dzuwa likupendeka, ana aweruka posachedwa. Mwana wanga wamkazi uja ali ndi pakamwa ngati mayi ake. Dzulo anandiuza kuti, 'Adadi, nyimbo zanuzo zimamveka ngati wotchi yodzutsa munthu.' Ine bambo ake! Lero aona."

A Lumo anatembenukira kukhoma, natsinzinanso, zala zili m'mwamba ngati agwira mabatani. "Sindiyang'ana. Ndikufuna indipeze mwadzidzidzi, ngati kale. Mukamaliza ingoyatsani."

Tsono a Waya ali ndi lamulo lawo: sipika iliyonse amayamba aiyesa payokha asanaimangirire m'katundu wa munthu. Anaigoneka patebulo, naika chitsekerero ndi batani pamwamba pake, n'kuilumikiza ndi timawaya tiwiri ku kawailesi koyesera kamene kamatenga mawu ku foni yawo. Anadina chimene chinali pafupi.

Du-du-brrrr! Tseke-tseke-tseke! Brrrr!

"Mayo ine!" anakuwa a Lumo. "Ndi imeneyo! Ndi imeneyo!"

"Aneba..."

"Chete! Musalankhule, mukuipondereza!" Anamenya khoma ndi chikhatho. Pha! "Mwamva? Apa m'pamene umawoloka mtsinje podumpha pa zipika!"

"Aneba, mtsinje mulibe."

"Ulipo, ndikuuona ndi maso otsinzina! Tamverani bezi ameneyo, akuchita kulowa m'mafupa! Du-du-brrr!" Pha! A Lumo anayamba kuvina chotsinzina, matako akugunda mashelefu, mafoni a anthu akugwedera. Misozi inali mbwembwembwe. "Kuyambira pamene ndinabadwa sindinamve yokoma chonchi! Yachita kuposa mmene ndimaikumbukira!"

"N'zoona, chifukwa..."

"Chifukwa anthu akale ankadziwa ntchito! Aitaneni ana a masiku ano abwere adzaphunzire! Apatseni malipenga onse a padziko, sangapeke yotere. Ndikulumbira, amisiri: ngati pali gemu ya masiku ano yokhala ndi nyimbo yofika apa, tivi imeneyi ndikaitaya ndekha kudzala, n'kusenza pamutu masana dzuwa likuswa mtengo!"

"Pamutu ndi yolemera. Ndikubwerekani wilibala."

"Wilibala ya chiyani?"

"Tatsegulani maso."

A Lumo anatsegula. Tivi inali chete, yakuda bii, chivindikiro chili pansi. A Waya anali ataimirira, dzanja lina atanyamula pulagi ya kabokosi ka gemu, lina foni. Sipika yong'ambika inali patebulo, chitsekerero chikudumphadumpha pamwamba pake.

"Kabokosi kanu sindinakalumikize," anatero a Waya. "Ndimayesa kaye."

"Nanga ikulirayi?"

"Gemu ya m'foni mwanga. Ndimasewera makasitomala akasowa."

"Yakale?"

"Yatuluka chaka chino. Ana onse akusewera yomweyi. Wanu wamkazi uja ndiye katswiri, amandiposa."

"Zimitsani."

A Waya anazimitsa. Chitsekerero chinagubuduka, n'kugwa pansi, n'kukalowa kunsi kwa kabati, onse awiri akuchiperekeza ndi maso.

"Tayatsaninso," anatero a Lumo chapansipansi. "Koma kudzera pa foni pokha."

Panamveka nyimbo yosalala, ya malipenga ndi mawu a anthu ambiri. A Lumo anakwinya nkhope.

"Mwamva? Wuuu, wuuu. Zopanda mchere. Tabwezerani ku sipika yanga."

Du-du-brrrr!

Phazi la a Lumo linayamba kugunda pansi lokha. Analiyang'ana mokwiya, koma silinasiye.

"Ndiye tinene kuti nyimbo zapita patsogolo kapena zabwerera m'mbuyo?" anafunsa a Waya. "Ndikufuna ndidziwe choyankha anthu akandifunsa."

"Nyimbo sizinapite kulikonse. Masipika ndiwo alowa pansi. Amawapanga athunthu, opanda pong'ambika, ndiye bezi atulukira pati?"

"Ndiye wilibala ija ndibweretse? Munalumbira."

A Lumo anayang'ana tivi ija nthawi yaitali. Anaisisita pofufutika utoto paja, n'kuimenya kamodzi, mwachikondi. Pha.

"Bweretsani. Mayi a kunyumba apeze malo awo, asangalale. Koma sipikayi ndikulungireni m'nyuzipepala, ndi chitsekerero chake mukachitulutse kunsi kwa kabatiko. Madzulo ano ndikailumikiza ku gemu ya mwana wanga yomweyo, amve koyamba mmene nyimbo zake zimayenera kumvekera."

A Waya anatenga sipikayo, naiyang'anitsitsa pa kuwala kwa pawindo. Dzanja lawo linayamba kufufuza kabotolo ka guluu.

"Pong'ambikapa ndimatepo pang'ono? Sizitenga nthawi."

A Lumo anawagwira pamkono.

"Amisiri, m'shopu yonse ino chinthu chabwinobwino n'chokhachi. Mukangochikonza, tidana."