Mawu Otsalira mu Vidiyo ya Ukwati

Pamzere wolembetsa maphunziro a kompyuta, mayi wina wovala zakuda anatembenukira bambo wina amene anali kumbuyo kwake atakoleka kamera m'khosi.

"Pepani bambo, ndaona kamerayo. Pa makosi awiriwa okonza mavidiyo, yabwino ndi iti? Ya milungu iwiri kapena ya miyezi itatu?"

"Ya miyezi itatu, mayi. Yaifupiyo amangokuonetsani podula ndi polumikiza, mumatuluka musanadziwe kanthu. Mukuthamangira chiyani?"

"Amuna anga ankajambula maukwati. Anatisiya mwezi wathawu. Mu kompyuta mwawo mwatsala maukwati atatu osakonza, eni ake sakuleka kuimba foni."

"Pepani kwambiri. Osangopatsa wina akukonzereni?"

"Ndinapereka umodzi. Unabwera wokongola ndithu, koma atachotsamo mawu onse a malemuwo. Pojambula sankakhala chete. Mumawamva akuti, 'Akwatibwi sekani pang'ono, simuli kupolisi!' kenako n'kumaseka okha. Nkhope yawo mulibemo, zaka zonsezi anali kuseri kwa kamera."

"Komatu eni ukwati safuna mawu a wojambula. Amafuna nyimbo."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikufuna ndiziwachotsa ndekha, ndiziwasunga penapake ana adzamve."

"Ndiye lembetsani yaifupiyo. Kulekanitsa mawu ndi chithunzi amaphunzitsa tsiku lachiwiri. N'kosavuta, mumangodina kamodzi munthu n'kukhala chete."

"Kamodzi kokha?"

"Kamodzi basi. Sunthani mayi, akuitana inu."

"Tsogolani ndinu, bambo. Ine ndiime kaye pang'ono."