Abu Nayef ndi Khofi Amene Anazizira

Malemu bambo Mufleh Shtayan, achimwene anga, amene tonse tinkawatchula kuti Abu Nayef, kutanthauza bambo ake a Nayef, potengera dzina la mwana wawo woyamba, anabadwa pa 9 Malichi 1948 konkuno ku Ain Sarab. Ine Hamdan ndine mzime m'banjamo, ndiye mundikhululukire mawu akamandithera.

Sukulu anayamba mu 1955, m'mawa m'kalasi, masana kubusa ndi nkhosa za bambo athu. Mu 1969 anamaliza maphunziro a uphunzitsi ku Amman n'kubwerera kudzaphunzitsa masamu. Ambiri mwakhala m'tenti muno munadutsa m'manja mwawo, ngakhale ena masamuwo sanakuloweni mpaka lero. Pa 14 Ogasiti 1972 anamanga banja ndi mayi Fadda, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi.

Mu 1995 anasankhidwa kukhala meya wa tauni yathu atapikisana ndi a banja la kwa Zreiq. Chisankho chake chinali chowawa, moti mabanja awiriwa tinasiya kugulana ngakhale buledi. Mu 1999 kutagwa chilala, malemu analamula kuti galimoto ya madzi iziyambira kumtunda, kwa a Zreiq, chifukwa zitsime zawo n'zimene zinayamba kuuma. Abale anawalalatira: "Mufleh, anthu anakukana aja ndiye amwe poyamba? Ife tinavotera mwala kodi?" Iwo anangoti, "Ludzu silinavote."

Pa 3 Juni chaka chomwecho, galimoto ija ikutsika chitunda mabuleki anakana, ndipo inagunda mwana wawo Nayef. Anafera pomwepo. Woyendetsa anali Radwan wa kwa Zreiq. Mwambo wathu mukuudziwa: magazi akakhetsedwa, banja la wolakwa limasamuka lonse, agogo, amayi, makanda omwe, ndipo ambiri sabwereranso. A kwa Zreiq anayamba kumanga katundu. Kwathu mfuti zinatuluka. Chisankho china chinali pafupi, ndipo ena amene ndikuwaona akuyang'ana pansi apawa anauza malemu kuti, "Chifundo chako chapha mwana. Uwathamangitse, apo ayi mpandowo uiwale."

Akuluakulu oyanjanitsa atabwera kudzapempha mtendere, tinawathirira khofi, iwo n'kuika makapu pansi osamwa, monga timachitira mpaka pempho litayankhidwa. Malemu misozi inkangotsikira m'ndevu, khofi mpaka kuzizira. Kenako anati, "Amene anatuma galimoto kumtunda ndine. Ngati pakufunika wosamuka, ndisamuke ineyo. Radwan amasule katundu wake, mawa anthu akufuna madzi. Imwani khofi wanu." Abale anga, ndakalamba ine, koma kulimba mtima kotere sindinakuonenso.

Zinawadyera zambiri. Chisankho chija anagwa, owagwetsa ali abale awo omwe. Mayi Fadda anatha miyezi osawayankhula, ndipo palibe angawanene, mwana anali wawo. Malemu sanadandaule, anabwerera kukagwira choko. Mu 2007 mbali zonse ziwiri zinawapempha kuti aimenso, ndipo ulendo umenewo ndi umene anafikitsa mipopi kumtunda.

Mu 2021 anayamba kuvutika ndi impso. Amene ankawatengera kuchipatala sabata ndi sabata, kuwanyamula pokwera ndi potsika, anali Radwan yemwe uja. Ankakanganirana njira yonse za kayendetsedwe, malemu akuti, "Pang'onopang'ono iwe, sindikuthamangira kumanda." Anatisiya pa 11 Novembala 2023 kunyumba kwawo, ali ndi zaka 75.

Asiya mayi Fadda, ana atatu, Tamam, Ghaleb ndi Rasmiya, komanso zidzukulu khumi ndi ziwiri. Mmodzi mwa zidzukuluzo mayi ake ndi a kwa Zreiq.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, a imamu amene atitsogolera m'mapemphero, ndi amayi a kumtunda amene aphika mpunga ndi nyama ya nkhosa osapemphedwa. Amene akuzungulira ndi khofiyo ndi Radwan, ndipo ndi yemweyo anatsikira m'manda kukawalandira pamodzi ndi Ghaleb. Akakufikani musaike kapu pansi, m'tauni muno mulibe mlandu wotsala. Imwani.

Achimwene, Mulungu akuchitireni chifundo chonga chimene munachitira anthu anu. Usani mumtendere pafupi ndi Nayef.